Chaka Chimene Ndinadetsa Majezi a Koleji

Linali Lachinayi, belu la tiyi wa teni koloko litangolira, pamene amuna anga anagwa pamalo ochapira zovala kuseri kwa khitchini ya koleji. Ine ndinali kunyumba, ndikutong'ola chimanga. Wophika mmodzi anabwera akuthamanga kudzanditenga, ndipo ndinawapeza atagona chammbali pa simenti, thovu la sopo lili m'manja mpaka m'zigongono. Anawakweza pa lole ya koleji kupita nawo kuchipatala cha mishoni. Dzuwa lisanapendeke anali atatisiya.

Iwo anali dobi wa pa koleji ya aphunzitsi, kummwera kwa Mzimba. Ankachapa nsalu za pamabedi a ophunzira odwala, zovala za ophika, nsalu za patebulo la alendo, ndi majezi a timu ya mpira. Chifukwa cha ntchitoyo tinali ndi nyumba ya zipinda ziwiri mkati mwa mpanda wa koleji, ndipo atsikana athu awiri ankaphunzira pa pulayimale ya mishoni, wamkulu Sitandade 6, wamng'ono Sitandade 3. Ine sukulu ndinalekezera pomwe panali wamng'onoyo.

Maliro tinakaika Loweruka kumudzi kwawo, chakumalire ndi Kasungu. A pulinsipolo anabwera ndi aphunzitsi awiri. Ophunzira sanabwere, chifukwa ligi inkayamba tsiku lomwelo ndipo timu inali ndi masewero ake oyamba. Sindinawaimbe mlandu. Sindinkawadziwa n'komwe. Ndinkangodziwa manambala awo pa chingwe choyanikira.

Patapita masiku atatu, akulu awo a amuna anga anandiitanira pakhonde. Apo n'kuti amayi a m'mudzi atandiveka kale nsalu yakuda, bulauzi yakuda ndi duku wakuda, zoti ndivale chaka chathunthu.

"Mulamu," anatero, "ng'ombe za malowolo zinapita kwanu zonse. Ana ndi apano, inunso ndinu apano. Nyumba ya mng'ono wanga tiifolera udzu watsopano. Chaka chikatha tidzaona wokusungani."

Wondisunga ankanenayo ndinkamudziwa. Anali iwo omwe, ndipo anali kale ndi akazi awiri. Ndinkadziwanso kuti sukulu ya kumudziko inkathera Sitandade 5, ndipo mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wamkulu sankakhalitsa pakhomo asanamupezere banja. Ndinangoti, "Yewo, alamu. Mundilole ndikatenge katundu ku koleji."

Ku koleji, akalaliki a mu ofesi anandiuza mwaulemu kuti nyumba ndi ya wogwira ntchito, ndipo mwezi ukatha ndichokemo. Ndikutuluka, ndinakumana ndi aphunzitsi a zamasewero atanyamula thumba la majezi, akadali ndi matope a Loweruka lija. Anali bambo wa ku Dedza, wamfupi, woyenda mofulumira nthawi zonse. Anandipepesa maliro, kenako anayang'ana thumbalo n'kuusa moyo.

"Ndipatseni, bambo," ndinatero. "Ndakhala ndikuwathandiza zaka zonsezi. Ndikudziwa mmene ankachitira."

Ananditengera kwa a pulinsipolo. Iwo anavula magalasi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Amama, pano sipanakhalepo dobi wamkazi. Chapani mpaka ligi ithe. Pakapanda kubwera dandaulo, tidzalemba dzina lanu, ndipo m'nyumbamo mudzakhalabe. Likabwera dandaulo, sindidzatha kukuthandizani."

Ndinatumiza uthenga kumudzi. Alamu anayankha kuti pa ntchito ya mishoni sangandichotse, koma tsiku limene ntchitoyo idzathe adzabwera ndi ngolo kudzatenga ine, ana ndi katundu. Umu ndi mmene sukulu ya ana anga inadzakhalira m'manja mwa anyamata othamangitsa mpira, masewero amene ndinali ndisanaonerepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Amuna anga anali ndi kachapidwe kawo, ndipo ine sindinasinthe kanthu. Majezi anali oyera, khumi ndi anayi, manambala ofiira osokerera kumsana. Lolemba ndinkawaviika m'madzi ozizira. Lachiwiri ndinkawachapa. Lachinayi ndinkawaphika mu mgolo waukulu wodulidwa pakati, ndi sopo wopalapala, kuti ayere mbee. Kenako buluu pang'ono m'madzi omaliza, kuyanika atatembenuzidwa kuti manambala asasuluke, ndipo Lachisanu kusita ndi nsimbi yamakala. Makabudula anali abuluu ndipo sankaphikidwa. Jezi ya goloboyi inali yobiriwira, nayonso inkachapidwa payokha.

Kubwalo sindinkapita. Wovala zakuda sapita kumene anthu akusangalala. Masewero akakhala apakhomo ndinkakhala pakhonde n'kumamvera. Phokoso likakwera n'kumapitirira, ndiye kuti tagoletsa. Likakwera n'kuduka pakati, taphonya. Kukakhala zii, ndinkadzuka n'kuyamba kusesa pamene ndasesa kale. Akapita kwina ndinkadikira lole, ndipo ndinkadziwa ikadali kutali, chifukwa opambana amabwera akuimba. Zotsala ankandiuza ndi majezi eni ake: dothi lofiira la ku Boma, dothi lakuda la ku Chikangawa losakanikirana ndi utuchi, kukhwapa kwa nambala 9 kumene kunkang'ambika sabata iliyonse. Jezi yobiriwira ikabwera yosada kwambiri, tsikulo linali labwino. Ikabwera ndi dothi mbali zonse, goloboyi anali pa ntchito yaikulu.

Masewero oyamba anali atapambana, ine ndili kumaliro. Achiwiri, atavala majezi ochapa ine, analepherana ndi anyamata a sekondale. Achitatu anapita ku Chikangawa kukasewera ndi a kumacheka, m'nkhungu ya kumeneko, ndipo lole inabwera chete. Achinayi anali apakhomo, ndi timu ya kuesiteti ya fodya. Ndinasesa pabwalo panga kawiri konse.

Lolemba lotsatira thumba silinabwere ndi aphunzitsi. Linabwera ndi ophunzira awiri. Wamtaliyo anali kaputeni, nambala 5, wa ku Kasungu, bambo wapabanja amene anasiya mkazi ndi ana kumudzi kudzaphunzira uphunzitsi. Winayo anali goloboyi, wa kwathu konkuno, wa manja aakulu ndi pakamwa posatseka.

"Monire, amama," anatero goloboyi, akutula thumba. "Tabweretsa mitembo yathu."

"Iwe, pakamwa pakopo," anatero kaputeni.

Goloboyi anayang'ana duku wanga, n'kugwira pakamwa. "Phepani chomene, amama."

Kaputeni anakhosomola. "Mayi, musakhumudwe nazo. Anyamata akulankhula. Akuti jezi ya mpira sigwiridwa ndi mayi, makamaka amene ali m'zakuda. Ine ndine mkhristu, zimenezo sindizikhulupirira kwambiri."

"Kwambiri ayi," anatero goloboyi. "Amazikhulupirira pang'ono. Lamulungu lokha amapumira."

"Nanga iwe yako ili kuti? M'thumbamu mulibe," anatero kaputeni.

"Yanga ndaisiya. Osati chifukwa cha amama ayi. Ndikufuna mpira uzindidziwa fungo."

"Ndani sakulidziwa fungo lako? Mpira wokha ndi umene umakudutsa ngati mlendo."

Iwo anaseka. Ine ndinafunsa chimene chinali pamtima panga. "Mupita nazo kwa a pulinsipolo?"

"Ine ayi, mayi," anatero kaputeni. "Koma tikagonjanso, anyamata apita okha."

Sabata imeneyo ndinachapa ngati sindinachapepo. Kenako ndinapempha wophika uja, amene anadzanditenga tsiku limene amuna anga anagwa, kuti ine ndikatha kusita iye azipinda majezi ndi kuwaika m'thumba, kuti manja omaliza akhale a mwamuna. Anavomera, ngakhale ankapinda ngati akupinda masaka. Ndinauza kaputeni kuti akauze anzake. Ndinayambanso kupempherera mpira. Ndinkachita manyazi pamaso pa Mulungu, chifukwa ndinkadziwa kuti anyamata a mbali inayo nawonso ali ndi amayi awo, koma ndinkapempherabe.

Anapambana Loweruka limenelo. Anapambananso lotsatira, ndi linalo. Lole inayamba kubwera ndi nyimbo. Anyamata anati manja a wophika ndi abwino, ndipo wophikayo anayamba kuyenda ngati ndiye amamwetsa zigoli. Goloboyi anati ndi jezi yake yosachapa, ndipo anakana kuipereka mpaka ligi itatha. Ine sindinatsutse aliyense. Amene akufuna atenge ulemu, bola dandaulo lisafike mu ofesi.

Pofika mwezi wa Ogasiti panatsala masewero amodzi, ku Boma, ndi timu ya makalaliki a m'maofesi. Aphunzitsi a zamasewero anandifotokozera kuti athu akapambana atenga chikho, koma akangolepherana chikhala cha a ku Boma. Masewerowo anaimitsidwa sabata ziwiri, chifukwa bwalo linatengedwa ndi amayi a chipani amene ankakonzekera magule a ulendo waukulu wa mtsogoleri wa dziko. Amayi a pa koleji ankapita nawo pa lole. Ine sanandiitane chifukwa cha zakuda.

M'sabata ziwirizo alamu anabwera pa njinga kudzaona ana. Ndinawapatsa madzi osamba m'manja ndi chakudya. Atatha kudya anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mulamu, nsalu yanu yafiira."

Zinali zoona. Munthu wokhalira m'madzi a sopo ndi padzuwa tsiku lililonse, nsalu yake singakhalebe yakuda.

"Miyezi inayi yokha," anapitiriza. "Kumudzi akaiona aziti mng'ono wanga mwamuiwala kale. Kapena pa koleji pano pali wokuthandizani kuiwala? Amuna ndi ambiri pano."

Ndinatola mbale zawo n'kulowa nazo m'nyumba. Koma ndinadziwa kuti mawu amenewo akangoyenda m'mudzi, sipadzafunikanso kudikira kuti ntchito ithe. Akuluakulu adzangoti ana a malemu sangakulire kwa mayi wotere. M'mawa mwake ndinakwera lole ya katundu kupita pa Jenda, ndinaonetsa khadi ya chipani kwa achinyamata a pachipata cha msika, n'kugula utoto wakuda waufa wonyikira nsalu. Ndinagula mapaketi ambiri, poopa kuti nsalu idzafiiranso chaka chisanathe.

Pakhomo panga panalibe mphika woti n'kulowa nsalu ziwiri, mabulauzi ndi maduku. Chinthu chachikulu chinali chimodzi chokha, mgolo wa koleji. Lachitatu la sabata ya masewero omaliza ndinanyikiramo zovala zanga, ndipo zinada bwino. Mgolowo ndinautsuka ndi mchenga ndi phulusa, ndinautsukuluza katatu, madzi n'kumatuluka oyera. Sindinaganize za pansi pake, m'mphepete mmene chitsulo chinapindidwa, mmene mchenga sufika.

Lachinayi m'mawa ndinatereka mgolo pamoto, ndinaikamo sopo ndi majezi onse khumi ndi anayi, n'kupita kukasita zovala za ophika. Nditabwerera, thovu linali lotuwa. Ndinatenga mtengo wotakasira n'kuvuula jezi imodzi. Inali nambala 9. Inali yotuwa ngati phulusa, ndipo pamimba pake panali banga lakuda lalikulu kuposa chikhatho changa. Ndinavuula ina, ndi ina. Iliyonse inali ndi mawanga akeake.

Ndinakhala pansi pa simenti, pomwe paja anagwera amuna anga.

Kenako ndinadzuka n'kuyesa zonse zimene ndinkadziwa. Ndinatsukuluza m'madzi ozizira. Ndinapempha mandimu kudimba la mishoni n'kufinyira pa mawanga. Ndinayala majeziwo pa kapinga kuti dzuwa liwayeretse. Pofika masana anali atauma, ali chimodzimodzi. Ndinaganiza zonena kuti ndi dzimbiri la mgolo, kapena madzi a pampopi. Koma manja anga anali akuda mpaka m'mikono ndi utoto wa dzulo lake, ndipo aliyense wa pa koleji anali ataona nsalu yanga ili pa chingwe.

Ndinapita kwa aphunzitsi a zamasewero ndi jezi imodzi m'manja. Ndinawauza zonse. Munthu wosakhazikika uja anakhala pansi pa sitepe ya kalasi.

"Mayi, mwachita chiyani? Ena tilibe. Akale aja anang'ambika, tinapukutira mawindo. Woyimbira salola timu yovala mawangamawanga. Tikapanda kusewera, chikho angowapatsa."

"Utoto watsala wambiri, bambo. Ndikhoza kuwanyika onse kuti akhale akuda mofanana."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula chinenero china. Kenako anati timu iyenera kumva yokha.

Folo koloko, maphunziro atatha, anyamata onse anabwera kuseri kwa khitchini. Anaima mozungulira kapinga, aliyense akuyang'ana nambala yake. Ine ndinaima pafupi ndi mgolo, manja ndabisa m'nsalu.

"Tinkanena ife," anatero wina kumbuyo.

Aphunzitsi anafotokoza za kunyika. Panali kung'ung'udza.

"Tikupita kukasewera mpira kapena kumanda?" anafunsa nambala 9.

"Kumanda tinapitako?" anatero goloboyi. Sankaseka ulendo uno. "Adada aja ankatichapira sabata ndi sabata. Tsiku lowaika ife tinali pabwalo, tikuvina chigoli. Ndani wa ife amadziwa kumene anagona?"



"Iwe ukulankhula chifukwa sukuvala nawo," anatero nambala 9. "Yako ndi yobiriwira."

"Yobiriwira inali kale," wina anayankha. "Pano mtundu wake ulibe dzina."

Ena anaseka, ena ayi. Kaputeni anatola jezi yake pa kapinga, n'kuitembenuza uku ndi uku. "Alipo amene ali ndi majezi ena khumi ndi anayi m'sutukesi mwake?" Anatembenukira kwa ine. "Nyikani, mayi."

Anyamata atabalalika, aphunzitsi anatsalira. Anayang'ana kukhitchini ngati kuli munthu, n'kutsitsa mawu.

"Pali china, mayi. Chikho akapereka ndi akuluakulu a chipani. Ulendo waukulu uja wangodutsa kumene, ndiye anyamata a koleji akafike onse atavala zakuda. Akafunsa kuti tikulira ndani. Mukudziwa masiku ano."

Ndinkadziwa. Chaka chapitacho mphunzitsi wina wa pa koleji pomwepo anatengedwa ndi galimoto chifukwa cha mawu amene analankhula m'kalasi, ndipo dzina lake sitinkalitchulanso.

"Mupita nafe," anatero. "Akafunsa, akuoneni ndi maso."

"Bambo, ine ndili m'zakuda. Alamu anga akamva kuti ndinali ku mpira ku Boma?"

"Nanga ine akandifunsa ndili ndekha, ndikaloza chiyani?"

Anali ndi ana anayi. Utotowo ndinaika ndine mu mgolo. Ndinavomera.

Madzulo omwewo, kukadali kowala, ine ndi atsikana anga tinasasula manambala onse ndi lezala, kuti asade pamodzi ndi majezi. Wamng'ono ankawaika pa mphasa mwa ndondomeko, akuwerenga mokweza. Lachisanu m'mamawa ndinanyika majezi, ndinathiramo mchere wambiri kuti utoto ugwire, ndipo mphepo ya Ogasiti inawaumitsa msanga. Masana tinasokereranso manambala. Wamkulu anandifunsa, singano ili m'kamwa, ngati tipita kumudzi sabata yamawa. Ndinamuuza kuti achotse singano m'kamwa. Wophika anabwera kudzapinda monga mwa nthawi zonse.

Loweruka ndinakhala kutsogolo kwa lole, pakati pa dalaivala ndi aphunzitsi. Msewu wa fumbi uja sindinauone. Ndinkangobwereza mumtima mawu oti ndikanene. Ku Boma anyamata anavalira kuseri kwa lole, ndipo atatulukira anthu a pachipata anasiya kulankhula. Wachinyamata wa chipani amene ankaona makhadi anaika dzanja patsogolo.

"Zakudazi n'zachiyani?"

Aphunzitsi anayamba kufotokoza. Iye sanadikire kuti amalize. Anatitenga awirife kupita nafe pa chisakasa pamene panakhala akuluakulu, chikho chili patebulo. Anawanong'oneza a tcheyamani, bambo wa imvi wovala jekete ngakhale kunkatentha. Ine ndinagwada pafumbi.

"Mama, ndinu ndani?" anafunsa a tcheyamani.

"Ndine mkazi wa dobi wa pa koleji, adada. Anamwalira ali pa ntchito, sabata imene ligi inayamba. Ndi amene ankachapa majezi a anyamatawa. Tsiku la maliro iwo sanathe kubwera."

Za mgolo sindinanene.

"N'zoona zimenezi, aphunzitsi?"

"N'zoona, bwana."

A tcheyamani anayang'ana anyamata ataima pamzere padzuwa, n'kuyang'ananso ine.

"Khadi muli nayo, mama?"

Ndinamasula mfundo ya pakona ya nsalu n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anaiwerenga mbali zonse, ndipo anaona manja anga. Sanafunse.

"Phepani chomene," anatero, akubweza khadi. Kenako kwa aphunzitsi: "Asewere. Koma lero lokha. Ndisadzaonenso zakuda pabwalo pano."

Ndinakakhala pamthunzi wa lole, nditafunda nsalu kumutu kuti wa kumudzi asandizindikire. Umenewo ndi mpira woyamba umene ndinaonera, ndipo zambiri sindinazimvetse. Ndinangoona chifukwa chake nambala 9 inkang'ambika kukhwapa: mnyamatayo ankathamanga mikono ili m'mwamba, ndipo omutchinga ankamukoka pomwepo. Ndinaona kaputeni akulumpha kumenya mpira ndi mutu, akukalipira anzake ndi mawu amene sindikanaganiza kuti mkhristu amawadziwa. Asanapume, nambala 9 anamwetsa chigoli. Ndinapezeka ndaimirira, ndipo ndinakhalanso pansi msanga.

Dzuwa linali lamphamvu. Chigawo chachiwiri chili mkati, utoto unayamba kusungunuka ndi thukuta. Unkatsetsereka m'makosi ndi m'mikono ya anyamata, ndipo akapukuta kumaso ndi jezi, nkhope inkada. Anthu a ku Boma anayamba kuwakuwiza kuti ogulitsa makala abwera. Anyamatawo sanatembenuke. Goloboyi anagwira mipira itatu imene ndinkati yalowa kale. Wachinayi, nthawi itatsala pang'ono, unamugunda m'manja n'kugudubuzikira mkati. Phokoso la bwalo lonse linakwera n'kumapitirira, ndipo silinali lathu.

Anathera chimodzi kwa chimodzi. Chikho chinatsala ku Boma.

Pobwerera munalibe nyimbo. Goloboyi anakhala pakona ya lole, mutu uli pakati pa mawondo. Ndinamva nambala 9 akunena kuti jezi inkalemera ndipo inkatentha. Ine ndinkawerenga mumtima katundu wa m'nyumba, choyamba kukwera pa ngolo ndi chiti, ndi mmene ndikamuuzire mwana wanga wamkulu.

Lolemba naini koloko anandiitana ku ofesi. Ndinapeza aphunzitsi a zamasewero ndi kaputeni ataima kukhoma. Patebulo la a pulinsipolo panali jezi imodzi yakuda, itaikidwa pa nyuzipepala kuti isadetse mabuku.

"Amama, dandaulo labwera," anatero a pulinsipolo. "Woyang'anira katundu akuti majezi a koleji awonongeka. Ndiuzeni."

Ndinawauza zonse, kuyambira mawu a alamu, utoto wa pa Jenda, mgolo, mpaka mandimu. Sindinasiye kanthu. Anamvetsera magalasi ali m'manja.

"Kaputeni, timu ili ndi dandaulo?"

"Anyamata ena ali nalo, bwana. Akuti chikho chatidutsa chifukwa cha manja a mayiwa. Ndinawauza dzulo kuti wofuna kudandaula abwere adzanene yekha muno, mayiwa ali pomwepo. Ndawadikira pakhomopo kuyambira hafu pasiti eyiti."

A pulinsipolo anayang'ana kuchitseko. Tonse tinayang'ana. Panja panali kalaliki yekha akusongola pensulo.

"Nanga inu mwini wake?"

"Ine khosi lokha, bwana. Ndasamba kanayi, silikuyera."

"Aphunzitsi?"

"Majezi ndi amene awonongeka, bwana. Koma miyezi inayi yonseyi sanachedwepo ndi tsiku limodzi, ndipo anabwera okha kudzandiuza. Ku Boma anagwada m'malo mwanga."

A pulinsipolo anavala magalasi, n'kukoka buku lalikulu la ogwira ntchito. Anandifunsa dzina langa lonse ndi la mudzi wa kwathu. Analemba pang'onopang'ono, ndipo ine ndinkangoyang'ana cholembera, osakhulupirira mpaka atadinda.

"Mukhala dobi wa koleji, ndipo m'nyumbamo mukhalabe. Koma majezi atsopano akabwera, simudzawagwira. Aliyense azichapa yake. Sindikufuna chaka chamawa ndizimva za manja a munthu. Ndipo mgolo wa koleji ndi wa zovala za koleji."

"Yewo chomene, adada," ndinatero.

Alamu anamva ndithu kuti ndinali ku mpira. Wina wa kumudzi anali ku Boma tsikulo kudzagulitsa nyemba. Anabwera pa njinga, ndipo analankhula mawu olasa, ana akumva. Ndinawasiya amalize, kenako ndinawaonetsa kapepala kodinda kamene akalaliki anandipatsa. Anakatembenuza, n'kukabweza. Ndi mishoni sankafuna mlandu, chifukwa anali mkulu wa mpingo kumudzi kwawo. Chaka chitakwana ndinapita kukavula zakuda monga mwa mwambo, ndipo atandifunsa pamaso pa akuluakulu za wondisunga, ndinati ntchito ikundisunga. Sanakondwe, koma anandilola kubwerera. Ana ankapita kwa abale a bambo awo pa tchuthi chilichonse, ndipo ulendo uliwonse ndinkakhala ndi mantha mpaka atabwerako.

Majezi akuda aja anasanduka ochitira pulakatisi, ndipo anyamata a zaka zotsatira sankadziwa chifukwa chake anali akuda. Atsopano anabwera oyera, koma pochapa eni ake sanathe miyezi iwiri asanatuwe. Ndinkawaona pa chingwe kuseri kwa malo ogona ophunzira, n'kungodutsa.

Atsikana anga onse awiri anamaliza pulayimale ya mishoni, ndipo wamkulu anasankhidwa kupita ku sekondale. Ndinachapa pa kolejipo mpaka zala zinayamba kukana kufinya. Tsopano ndimakhala ku Boma kwa mwana wanga wamkuluyo. M'mawa ndimaperekeza adzukulu mpaka pamsewu, ndikabwerako ndimathirira mpiru kuseri kwa nyumba.